Al-Khwarizmi wa ku Baghdad ndi Masamu a M'kalasi Mwathu

Pali mau awiri achilendo amene mphunzitsi wa masamu sangathe kuwazemba masiku ano. Liu loyamba ndi algebra, limene ana athu amakumana nalo akamayandikira mayeso a Sitandade 8, ndipo ambiri a iwo amayamba kudana ndi masamu kuchokera pomwepo. Linalo ndi algorithm, limene kale linkamveka m'kamwa mwa akatswiri okhaokha, koma tsopano lafika m'mabuku a sekondale pamodzi ndi maphunziro a kompyuta. Mau onse awiriwa anachokera kwa munthu mmodzi. Loyambalo ndi chidutswa cha dzina la buku lake, ndipo lachiwirilo ndi dzina lake lenileni, limene anthu a ku Ulaya analipotoza polephera kulitchula bwino. Munthuyo ndiye Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi, amene anabadwa cha m'ma 780 namwalira cha m'ma 850. Tafuna kulongosola moyo wake m'magazini ino chifukwa tikhulupirira kuti mphunzitsi amene wawerengapo masamba owerengeka chabe a mkuluyu amabwerera m'kalasi ali ndi kanthu m'manja kamene buku la silabasi silingampatse.

Dzina lakelo likutiuza kwao. Khwarazm ndi dziko la m'chigwa cha mtsinje wa Amu Darya, kumwera kwa nyanja ya Aral, kumene lero kuli mbali ya Uzbekistan ndi ya Turkmenistan. Ndi dziko la ulimi wothirira, lozingidwa ndi chipululu, kumene munthu wosadziwa kuyeza ngalande ndi kuwerenga nyengo sakanakolola kanthu. Ibn al-Nadim, wogulitsa mabuku wa ku Baghdad amene cha m'ma 987 analemba kaundula wa mabuku onse amene ankawadziwa, ndiye anatisungira mbiri yakuti mtundu wa al-Khwarizmi unachokera kumeneko, ndi kuti iye ankagwira ntchito m'nyumba ya mabuku ya mfumu al-Ma'mun. Wolemba mbiri wina, al-Tabari, anamuonjezera dzina lomlumikiza ndi Qutrubbul, dera la minda ya mpesa pafupi ndi Baghdad, motero ena amaganiza kuti makolo ake anali atasamukira kale ku Iraq. Ife a kuno sitidabwa nazo zimenezi, pakuti m'masukulu oyandikana ndi maesiteti a Kasungu tili ndi ana ambiri otchedwa a ku Mulanje kapena a ku Thyolo chikhalirecho anabadwira pompano, makolo awo atabwera kudzalima fodya.

Baghdad wa masiku amenewo unali mzinda watsopano. Mfumu al-Mansur ndiye anaukhazikitsa m'chaka cha 762 m'mbali mwa mtsinje wa Tigris, ndipo pamene al-Khwarizmi ankakula unali utasanduka likulu la ufumu woyambira kumpoto kwa Africa mpaka ku malire a India. Luso lopanga mapepala, lochokera ku China kudzera ku Samarkand, linafika mumzindawo m'zaka za m'ma 790. Chisanafike chimenechi anthu ankalemba pa zikopa ndi pa gumbwa, zinthu zokwera mtengo. Mphunzitsi amene anayesapo kuphunzitsa kalasi lodzaza ndi ana opanda makope adziwa yekha kusintha kumene pepala lotsika mtengo limabweretsa. Mafumu ndi anthu achuma anayamba kulipira omasulira mabuku a Agiriki, a Aperisiya ndi a Amwenye, kotero kuti Euclid ndi Ptolemy anayamba kuwerengedwa m'Chiarabu. Ntchito imeneyi inafika pachimake mu ulamuliro wa al-Ma'mun, kuyambira 813 mpaka 833, ndipo nyumba ya mabuku ija imadziwika ndi dzina lakuti Bayt al-Hikma, ndiye kuti Nyumba ya Nzeru.

Anthu a m'nthawi yake ankamdziwa al-Khwarizmi makamaka monga katswiri wa nyenyezi. Cha m'ma 770 alendo ochokera ku India anabwera kwa al-Mansur ndi buku la kayendedwe ka dzuwa, mwezi ndi nyenyezi, ndipo linamasuliridwa m'Chiarabu. Potsamira pa bukulo al-Khwarizmi anakonza matebulo otchedwa Zij al-Sindhind, odziwira malo a dzuwa ndi mwezi pa tsiku lililonse, nthawi ya kadamsana, ndi tsiku limene mwezi watsopano uoneke. Matebulowo anafika ku Spain, kumene Maslama al-Majriti anawakonzanso cha m'ma 1000, ndipo Mngelezi wina, Adelard wa ku Bath, anawaika m'Chilatini m'chaka cha 1126. Analembanso timabuku ta kalendala ya Ayuda ndi ta astrolabe, chipangizo chamkuwa choyezera kukwera kwa nyenyezi. Zonsezi tingozilambalala, pakuti sizilowa m'kalasi la pulayimale.

Buku limene tifuna kukhalapo nthawi ndi limene analipereka kwa al-Ma'mun, lotchedwa al-Kitab al-mukhtasar fi hisab al-jabr wa'l-muqabala, ndiko kunena kuti buku lachidule la kuwerengera mwa kubwezera ndi kulinganiza. M'mau ake oyamba mlembi akufotokoza kuti analilembera anthu a ntchito za tsiku ndi tsiku: ogawa chuma cha masiye, oweruza milandu, amalonda, oyeza minda ndi okumba ngalande. Chimene chimadabwitsa aliyense wolitsegula koyamba nchakuti mulibe x, mulibe chizindikiro cha kuphatikiza kapena cha kulingana, ndipo ngakhale manambala analembedwa m'mau. Timizere tiwiri tosonyeza kulingana tinayamba ndi Robert Recorde m'chaka cha 1557, ndipo chizolowezi chotcha nambala yosadziwika kuti x chinakhazikika ndi Descartes m'chaka cha 1637. Ndiye kuti pakati pa buku la al-Khwarizmi ndi x amene timalemba pa bolodi panapita zaka 800, komabe ife timafuna kuti mwana adumphe mtunda wonsewo m'piriyodi imodzi, Lolemba m'mawa, asanadye kanthu.

Pofuna kutchula nambala yosadziwika, al-Khwarizmi ankati shay', ndiye kuti chinthu, kapena jidhr, ndiye kuti muzu. Chinthucho chikachulukitsidwa ndi icho chomwe, zotulukazo ankazitcha mal, ndiye kuti chuma. Manambala wamba, odziwika kale, kawirikawiri ankawatcha madirihamu, ndalama za siliva za m'dziko lake. Mau anai onsewa alowa m'Chichewa popanda kukakamiza: chinthu, muzu, chuma, ndalama. Ndiponso akatswiri a zilankhulo amati liu lathu lakuti ndalama ndi mdzukulu wa liu lomwelo la dirham, limene linalowa kumtunda kuno ndi amalonda ochokera ku gombe la nyanja yamchere. Mwana akamva zimenezi amatchera khutu, chifukwa wazindikira kuti liu limene amalimva tsiku ndi tsiku pa golosale lili pa chibale ndi liu la m'buku lakale la masamu.

Tanthauzo la mau awiri a m'dzina la bukulo tingalione bwino ndi chitsanzo cha kwathu. Mlimi wadinda mabelo a fodya olemera chimodzimodzi onse, ndipo tiuzidwa kuti mabelo 5, titatapapo makilogalamu 40, alemera mofanana ndi mabelo 3 pamodzi ndi makilogalamu 140. Al-jabr ndiko kubwezera chimene chachotsedwa. Tibwezera makilogalamu 40 aja ku mbali yoperewera, ndipo kuti sikelo isapendekeke tionjezeranso 40 ku mbali inayo. Tsopano mabelo 5 alingana ndi mabelo 3 ndi makilogalamu 180. Al-muqabala ndiko kuyang'anitsa mbali ziwirizo ndi kuchotsa zofanana, mabelo 3 uku, mabelo 3 uko. Atsala mabelo 2 olemera 180, choncho belo limodzi ndi makilogalamu 90. Liu la jabr linkanenedwanso polumikiza fupa lothyoka, ndipo ku Spain sing'anga wa mafupa ankatchedwa algebrista. Tiyerekeze zimenezi ndi lamulo limene ana athu amaloweza ngati nyimbo, lakuti nambala ikaolokera tsidya lina imasintha chizindikiro. Lamulolo ndi loona, koma limamveka ngati matsenga, ndipo mwana amene sadziwa chifukwa chake amaligwiritsanso ntchito pamene siliyenera. Mwana amene anaonapo sikelo pamsika sangaiwale kuti chimene waika mbali imodzi ayenera kuikanso mbali ina.

Mafunso onse otere al-Khwarizmi anawasanja m'mitundu isanu ndi umodzi. Itatu ndi yapafupi: chuma cholingana ndi mizu, chuma cholingana ndi ndalama, mizu yolingana ndi ndalama. Itatu inayo ndi yosakaniza: chuma ndi mizu mbali imodzi, ndalama mbali ina, chuma ndi ndalama mbali imodzi, mizu mbali ina, mizu ndi ndalama mbali imodzi, chuma mbali ina. Ife lero timaimangira pamodzi m'fomula imodzi. Iye anailekanitsa chifukwa sankavomereza manambala ochepera pa ziro, motero chilichonse chochotsera chinayenera kuyamba chabwezeredwa ku mbali inayo funso lisanayankhidwe.

Funso lotchuka koposa m'bukulo likufuna kuti tipeze chuma chimene, tikachiphatikiza ndi mizu yake 10, chikwana 39; m'kalembedwe ka lero ndi x² + 10x = 39. Njira yake ndi ya masitepe, limodzi pambuyo pa linzake. Titenga theka la mizu, ndiye 5. Tichulukitsa 5 ndi 5, tipeza 25. Tiphatikiza 25 ndi 39, tipeza 64. Tifuna muzu wa 64, ndiwo 8. Pa 8 tichotsa theka lija, patsala 3. Muzu ndi 3, chuma ndi 9, ndipo poyesa tiona kuti 9 ndi 30 akwanadi 39.

Akanalekera pamenepo tikanati watipatsa lamulo lina loloweza. Komatu iye anapitirira, najambula chithunzi chosonyeza chifukwa chake masitepewo ayenera kugwira ntchito, ndipo chithunzi chimenechi ndicho tikupempha aphunzitsi anzathu kuti achitengere pabwalo la sukulu. Tengani chingwe ndi zikhomo, monga achitira alimi pokonza nazale ya fodya chilimwe chikafika, ndipo lembani pansi sikweya popanda kuwauza ana kutalika kwa mbali yake. Sikweya imeneyo ndiye chuma. Mizu 10 ija igaweni pawiri: lumikizani chigawo cha mamita 5 m'lifupi ku mbali ya kum'mawa, ndi china chotero ku mbali ya kumwera, chilichonse chotalika ngati mbali ya sikweyayo. Malo onse atatuwo pamodzi ndi 39. Tsono afunseni ana chimene chikusowa kuti munda wonsewo ukhale sikweya yaikulu. Sipapita nthawi wina aloza pa ngodya yopanda kanthu, ndipo wina aona kuti ngodyayo ndi 5 uku, 5 uko, ndiye 25. Munda wathunthu ndi 64, mbali yake ndi 8, ndipo pa 8 pamenepo 5 ndi wa chigawo chimene tinalumikiza. Mwana amene waponda ndi mapazi ake pa ngodya imeneyo, akadzafika ku sekondale nauzidwa za kukwaniritsa sikweya, adzadziwa kuti pali sikweya yeniyeni imene ikukwaniritsidwa. M'bukumo muli zithunzi ziwiri za funso limeneli; chinacho chili ndi zigawo zinai za 2½ kuzungulira sikweya, ndi ngodya zinai za 6¼ iliyonse, zimene pamodzi zikwananso 25. Chimenecho tisungire ana ochangamuka, kapena ophunzira a pa koleji. Pobwereza, apatseni chuma ndi mizu 12 zokwana 64, ndipo akatsata njira yomweyo apeza 4.

Pali funso linanso limene mphunzitsi wa kompyuta sayenera kulidumpha: chuma pamodzi ndi ndalama 21 zilingana ndi mizu 10. Theka la mizu ndi 5, kuchulukitsa ndi lokha ndi 25, koma tsopano tichotsa 21, patsala 4, muzu wake 2. Tikachotsa 2 pa 5 tipeza 3; tikaphatikiza tipeza 7; ndipo mayankho onse awiri ndi oona, pakuti 9 ndi 21 akwana 30, ndipo 49 ndi 21 akwana 70. Al-Khwarizmi akuchenjeza owerenga ake kuti ayang'ane bwino asanachotse. Ngati theka lochulukitsidwa lija ndi lochepa kuposa ndalama, funsolo lilibe yankho. Ngati ziwirizo zilingana, yankho ndi theka lomwelo. Apa ndiye pagona mtima wa algorithm: masitepe owerengeka, omveka, otsatana, okhala ndi mphambano pamene wotsata njira ayenera kufunsa funso asanasankhe kolowera. Phunziro limeneli silifuna magetsi. Gulu limodzi lilembe masitepe m'Chichewa pa pepala. Mwana mmodzi wa gulu lina akhale kompyuta, woletsedwa kuganiza kapena kufunsa, wongochita zimene zalembedwa. Mpatseni 21, kenaka 25, kenaka 30. Pa 30 kompyuta yathu iima chilili, itasowa chochita, ndipo olemba aja adzaona okha kuti anaiwala mphambano. Ntchito yaikulu ya wolemba mapulogalamu ndi yomweyo: kulingalira pasadakhale malo onse pamene makina angasokonezeke.

Tisamkweze mkuluyu kupyola muyezo wake. Alembi a ku Babylon ankayankha mafunso otere pa mapale adothi zaka 1800 Khristu asanabadwe; Euclid anali ndi zithunzi zofanana nazo; ndipo Brahmagupta wa ku India, m'chaka cha 628, anali atalemba kale malamulo a ziro ndi a manambala ochepera pa ziro, amene al-Khwarizmi sanawatenge. Nchifukwa chake pa funso la 39 lija iye sakutchulapo yankho lachiwiri, −13, ngakhale 169 kuchotsapo 130 ndi 39 ndithu. Chatsopano chimene iye anachita ndi ntchito ya uphunzitsi: anasonkhanitsa zobalalika, nazisanja m'mitundu, napereka njira ya mtundu uliwonse pamodzi ndi chifukwa chake, natsiriza ndi zitsanzo zambiri zoyeserera. Ena anali ndi nzeru zakuya kuposa iye, koma buku lake ndilo linatheka kuphunzitsidwa. Ndipo pamene iye anaperewera pali phindu lake m'kalasi. Mwana amene akukana kuti pangakhale nambala yochepera pa ziro si mbuli. Akukana chimene katswiri wa ku Baghdad sanachilandire, ndipo ayenera kufotokozeredwa moleza mtima, mwina poyambira pa ngongole ya feteleza imene tenanti amatsala nayo fodya atagulitsidwa.

Chigawo cha malonda ndi chachifupi, ndipo chimaphunzitsa kuti m'kugula kulikonse muli manambala anai, atatu odziwika ndi imodzi yofunidwa. Ngati makilogalamu 10 agulidwa madola 18, nanga belo la makilogalamu 85? Mwana wa mlimi amene adzaime pa okushoni ku Chinkhoma ayenera kutha kupeza 153 payekha, asanalandire pepala la malipiro. Chigawo cha kuyeza malo chili ndi manambala atatu osiyana oyezera mzere wozungulira, pakati pao 3 1/7 amene tonse timamdziwa. Koma chigawo chachikulu, pafupifupi theka la buku lonse, ndi cha chuma cha masiye, chogawidwa motsata malamulo a Chisilamu, pali ngongole ndi mawilo osokoneza. Pano tichenjere. Kagawidwe kameneko nkosiyana ndi mwambo wa Achewa, nkosiyananso ndi lamulo la dziko lino la chuma cha masiye la 2011, ndipo m'kalasi lililonse muli mwana amene nkhani yolandana katundu pamaliro inampweteka posachedwa. Mphunzitsi atengeko masamu a magawo, nkhaniyo aisinthe.

Buku lake lina, la kuwerengera ndi manambala a Amwenye, linatayika m'Chiarabu. Chimene chinapulumuka ndi kumasulira kwa Chilatini, ndipo kope lodziwika koposa lili m'nyumba ya mabuku ya yunivesite ya Cambridge. Baldassarre Boncompagni analisindikiza m'chaka cha 1857. M'menemo al-Khwarizmi akufotokoza kuti ndi zizindikiro zisanu ndi zinai zokha munthu angathe kulemba nambala iliyonse, chifukwa mphamvu ya chizindikiro imachokera pa malo pamene chaima, ndi kuti pamalo opanda kanthu paikidwe kamzere kozungulira, kuopa kuti malowo angaiwalike. Aluya ankakatcha sifr, chopanda kanthu, ndipo ziro wathu anachokera kumeneko. Mphunzitsi aliyense wa makalasi aang'ono anaonapo mwana amene, pouzidwa kuti alembe 205, amalemba 2005. Mwanayo walemba zimene wamva, 200 kenaka 5, monga momwe chilankhulo chimawerengera. Zimenezi zikutikumbutsa kuti kulemba nambala mwa malo ndi luso lopangidwa ndi anthu, limene akuluakulu ophunzira anafunikira buku lathunthu kuti alimvetse. Kuwapatsa ana kuti ayese kuchulukitsa XXVII ndi XIV m'manambala a Aroma kwa mphindi zisanu zokha kumawathandiza kuona chimene kamzere kozungulira kaja kanatipulumutsako.

Njira za m'bukulo zikuonetsa kuti masamuwo ankachitikira pa thabwa lowazidwa fumbi. Wowerengera ankalemba ndi chala kapena kamtengo, nafufuta nambala ina, nalemba ina pamalo pake, nasuntha mzere, kufikira patatsala yankho lokha. Ana athu a Sitandade 1 akamalemba pamchenga pansi pa mtengo akuchita zimene akalaliki a ku Baghdad ankachita. Vuto la njira imeneyi analiona al-Uqlidisi, amene analemba ku Damascus m'chaka cha 952: mphepo imauluza fumbi, manja amada, ndipo ukalakwitsa sungabwerere kukaona pamene unaphonya. Iye ndiye anasintha njirazo kuti ziyenere pepala ndi inki. Tikamaumiriza ana kuti aonetse njira yonse m'kope, tikutsata iyeyu. Kompyuta nayo inabwerera ku fumbi lija, pakuti m'kati mwake nambala yatsopano imalembedwa pamalo pa yakale, yakaleyo nkutayika, ndipo ophunzira ambiri oyamba kulemba mapulogalamu amakhumudwa pomwepo. Al-Khwarizmi anapatulanso kuwirikiza kawiri ndi kugawa pakati monga ntchito zapadera. Wofuna kuzifutukula apite ku buku la Ahmes wa ku Egypt, lokopedwa cha m'ma 1550 Khristu asanabadwe, losungidwa ku British Museum, limene limachulukitsa makamaka mwa kuwirikiza. Pofuna 13 kuchulukitsa ndi 24 tiwirikiza 24, 48, 96, 192. Popeza 13 ndi 8 ndi 4 ndi 1, tiphatikiza 192, 96 ndi 24, tipeza 312. Kuphwanya 13 kotereku ndiko kalembedwe ka 1101 kamene kompyuta imagwiritsa ntchito.

Cha m'ma 833 anatsiriza buku la maonekedwe a dziko, Kitab Surat al-Ard, mndandanda wa malo 2,402 ndi manambala osonyeza pamene ali, pokonza ndi kuonjezera za Ptolemy. Kope lake limodzi lokha ndilo linatsala, lolembedwa m'chaka cha 1037, ndipo lili ku Strasbourg. M'menemo muli mapu a mtsinje wa Nile, woyambira ku mapiri amene akale ankawatcha Mapiri a Mwezi, kudutsa m'nyanja zingapo usanatsetserekere ku Egypt. Nkhani yotsiriza imene tili nayo ya moyo wake ndi ya 847, ndipo siimpatsa ulemu kwenikweni. Al-Tabari akusimba kuti mfumu al-Wathiq atadwala anaitanitsa openda nyenyezi, al-Khwarizmi ali pakati pao, ndipo iwo anamlosera zaka zina 50 za moyo. Mfumuyo inamwalira patangopita masiku 10. Kaya anawerengera molakwa, kaya anaopa kunena zoona pamaso pa wodwala wamphamvu, owerenga aweruze okha.

Baghdad anapasulidwa ndi a Mongol m'chaka cha 1258, koma mabukuwo anali atayenda kale. Abu Kamil wa ku Egypt anapitiriza algebra ya al-Khwarizmi m'mbadwo wotsatira. Robert wa ku Chester anaimasulira m'Chilatini ku Segovia m'chaka cha 1145, ndipo Gerard wa ku Cremona anachitanso chimodzimodzi ku Toledo. Leonardo wa ku Pisa, amene timamtcha Fibonacci, anaphunzira manambala amenewa ali mnyamata ku Bugia, m'dziko limene lero ndi Algeria, kumene bambo wake ankagwira ntchito ya msonkho, ndipo buku lake la 1202 linawafalitsa pakati pa amalonda a ku Italy. Alembi a Chilatini analemba dzina la mkulu uja kuti Algorizmi kapena Algoritmi, ndipo m'kupita kwa nthawi anthu anaiwala kuti linali dzina la munthu, nalisandutsa dzina la njira yowerengera. M'chaka cha 1979 akatswiri a kompyuta, motsogozedwa ndi Donald Knuth wa ku America ndi Andrei Ershov wa ku Soviet Union, anakachitira msonkhano wao ku Urgench, m'dziko la Khwarazm, pofuna kulemekeza mwini dzinalo, ndipo m'chaka cha 1983 boma la Soviet Union linatulutsa sitampa yokumbukira zaka 1,200 za kubadwa kwake.

Ganizo lophunzitsa masamu powerengetsa ophunzira zolemba za eni ake si lathu. Pa yunivesite ya New Mexico State, Reinhard Laubenbacher ndi David Pengelley anayamba kutero kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo pambuyo pake anzao a maphunziro a kompyuta analowa nao m'ntchitoyo. Kuno kwathu, Paulus Gerdes wa ku Mozambique, amene anamwalira mu 2014, anatsogolera kuyambira 1986 bungwe lofufuza mbiri ya masamu mu Africa, naonetsa masamu obisika m'kaluka ka madengu ndi m'zojambula za pamchenga za ku Angola. Ena mwa aphunzitsi anzathu adzati silabasi ndi yothina kale, ndipo akunena zoona. Sitikupempha phunziro latsopano la mbiri yakale, koma piriyodi imodzi kapena ziwiri pa teremu, pamalo pomwe mutuwo ukulowa kale. Chovuta chenicheni ndi chilankhulo. Kumasulira kwa Chingelezi kwa Frederic Rosen, kumene kunatuluka ku London m'chaka cha 1831 kuchokera ku kope la 1342 losungidwa ku Oxford, ndi kwa Chingelezi chakale cholemera, ndipo mwana wa Sitandade 7 sangachithe. Ntchito yoika ndime ziwiri kapena zitatu m'Chichewa igwera ife a pa koleji, ndipo ingakhale ntchito yabwino ya ophunzira athu asanapite ku masukulu oyeserera, pakuti munthu sangamasulire njira imene sanaimvetse. Buku la Rosen likupezeka kwaulere pa intaneti. Funso la 39 lili m'masamba oyambirira, ndipo zithunzi zake zili patsogolo pang'ono, mitundu isanu ndi umodzi ija itatha kufotokozedwa.